Ndidadula Mibawa Kuti Phiri Lioneke

Nyumba ya malemu bambo athu ili ku Zomba, kumtunda kwa tauni, kumene msewu umayamba kukhotakhota polowera kuphiri. Ndi imodzi mwa nyumba zakale zija zomwe boma la atsamunda lidamangira akuluakulu a m'maofesi ake nthawi yomwe Zomba idali likulu la dziko. Makoma ake ndi a njerwa zootcha, ochindikala moti ngakhale masana a mu Okutobala mkati mumakhala mozizira bwino. Khonde lidazungulira mbali zitatu. Zitseko ndi siling'i ndi za mkungudza, mtengo wa ku Mulanje uja umene chiswe sichiufika, ndipo ukatsekula chipinda chomwe chakhalitsa chotseka, fungo lake limakuchingamira. Pabalaza pali malo osonkhapo moto, chifukwa mu Juni ndi Julaye chiperoni chikabwera, kumtunda kuja kumazizira zedi.

Bambo adaigula patapita zaka zingapo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Anzawo ambiri a m'boma adatsatira maofesi, koma iwo adasankha kutsala, ndipo ife tidakulira m'menemo. Ukaima pakhonde lakutsogolo kunja kutayera, umaona chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa chakum'mawa, ndi phiri la Mulanje patali. Kuseri kwa nyumba ndiye kudali mibawa ikuluikulu, mapeyala ndi nsungwi, zothinana mpaka kubisa phiri la Zomba lenilenilo, ngakhale lili pamutu pathu pomwepo.

Bambo adatisiya mu Januwale 2021, nthawi ija matenda a Covid-19 adatenga anthu ambiri m'dziko muno. Mayi adali atatsogola kale. Bambo wilu sadasiye. Tidatsala ine woyamba kubadwa, mlongo wanga wa ku Lilongwe, ndi mng'ono wanga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Padalinso mwana wina wamkazi amene bambo adabereka kwa mayi ena. Tonse tinkamudziwa, koma dzina lake silinkatchulidwa m'nyumba mwathu. Pamaliro adabwera, adakhala kumbuyo pamodzi ndi amayi a mumpingo, ndipo palibe aliyense wa ife amene adapita kukamupatsa moni.

Nyumba yakale imadya ndalama. Malata ankadontha, msonkho wa kukhonsolo udali utaunjikana, lendi ya malo ya kuboma inkadikira, ndipo madala amene akhala akusamalira pakhomopo kuyambira tili ana ankayenera kulandira mwezi ndi mwezi. Ine ndidali ndi kashopu ka zipangizo zomangira ku Limbe kamene kankayenda motsimphina. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, katundu adakwera, ogula adachepa, ndipo ndidakatenga katapila. Izi abale anga sindidawauze. Ndidangowaimbira foni n'kunena kuti nyumba ikutilemera, bwanji tigulitse. Mlongo wanga adati, "Achimwene, inu ndiye aakulu, onani chochita." Mng'ono wanga adavomereza. Mawu ochepawa ndidawatenga ngati chilolezo cha chilichonse.

Ndidalemba chilengezo pa Facebook, ndipo ndidachikometsa ndi zonse zomwe ndinkadziwa za mzinda wathu. Ndidati nyumbayi ili m'dera limodzi ndi Masongola, nyumba ija idamangidwa mu 1886 n'kudzakhalamo Harry Johnston. Ndidati wogula azidzangokwera pang'ono kukafika ku Ku Chawe, kudamu la Mulunguzi, ndi ku Emperor's View kumene kudaima Haile Selassie. Ndidakumbutsa kuti Nyumba ya Malamulo idakhala ku Zomba mpaka 1994, ndiponso kuti aphunzitsi a ku yunivesite ndi alendo okwera phiri sasowa mumzindamo. Pamwamba ndidalemba kuti "Nyumba yapamwamba, ya mbiri yakale, yoonera mapiri." Mtengo ndidaika K350 miliyoni. Nambala imeneyi idachokera m'mutu mwanga. Katswiri wowerengera mitengo ya nyumba sindidamuitane, chifukwa ndinkaona ngati kumulipira n'kutaya ndalama.

Foni idayamba kulira usana ndi usiku, koma ambiri adali madobadoba. Aliyense ankati ali ndi bwana wake amene ndalama zili kale m'manja, chongofunika ndi kangachepe ka thiransipoti kuti akamutenge. Amenewa ndidawazindikira msanga ndipo ndinkawakana. Kenaka kudabwera bambo wina wosiyana nawo. Adafika pagalimoto, atavala jekete, ali ndi makhadi a dzina la kampani, ndipo sadapemphe kanthu. Adazungulira nyumba yonse mwakachetechete, akugogoda makoma ndi kusisita zitseko. Titafika kuseri adaima, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Bwana wanga, mwalemba kuti nyumba yoonera mapiri. Mulanje ndamuona, koma ali kutali, ndipo kukachita chifunga saoneka. Nanga phiri lanu lomweli lili kuti? Anthu a ndalama zawo amafuna akadzuka m'mawa aone phiri pawindo. Mitengo iyi ikukubisirani mamiliyoni."

Adalozanso ngalande yamiyala yomwe idadutsa kumtunda kwa nyumba, n'kukhota kutsikira kukhwawa. Adati pamenepo m'pamene payenera kukhala poimika magalimoto, chifukwa wogula nyumba yotere sakhala ndi galimoto imodzi. Adalonjeza kubweretsa anyamata a macheka kuti adule mitengoyo kwaulere, malipiro awo akhale matabwawo. Ndidaona ngati Mulungu wandikumbukira.

Madala atamva, adabwera kwa ine chipewa chili m'manja. Masiku onse amanditchula kuti bwana, ngakhale adandinyamulapo ndili khanda, koma tsiku limeneli sadatero.

"Mwana wanga, mitengo ija si yokongoletsa. Mizu yake ndiyo idagwira dothi la kumtunda uko. Ngalande ija ine ndimaikonza chaka ndi chaka mvula isanayambe, ndipo bambo ako ankabwera kudzaona ngati ndachotsa masamba onse. Phiri ili likakhuta madzi limalavula. Bambo anga adaona Napolo wa 1946 akutsika ndi miyala kulowa m'tauni muno. Amene adamanga nyumba ino adadziwa njira ya madzi, n'chifukwa chake adawapatsa podutsa."

Ndidawayankha mawu amene mpaka lero amandiwawa ndikawakumbukira. Ndidati, "Madala, zimenezo n'zakale. Inu ntchito yanu n'kusesa." Adavala chipewa chawo n'kubwerera kumunda osanenanso kanthu.

Macheka a injini adalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mibawa ina idali yoti anthu awiri sangaikumbatire, ndipo uliwonse ukamagwa nthaka inkagwedezeka mpaka mbale m'kabati. Matabwa ankawanyamula usiku pa lole. Sindidafunse chifukwa chake usiku. Pambuyo pake m'pamene ndidadzamva kuti m'bawa ndi mtengo wotetezedwa umene sadula popanda chilolezo cha a zankhalango, ndiponso kuti matabwa omwe ndidapereka ulerewo akadatha kulipira msonkho wonse wa kukhonsolo n'kutsalako. Nsungwi adazizula. Ngalande tidaikwirira ndi zidutswa za njerwa, pamwamba n'kuthira simenti.

Phiri lidaonekadi. Matanthwe ake adaima poyera kuseri kwa denga, ndipo madzulo dzuwa likamapendeka ankasanduka ofiirira. Ndidajambula zithunzi zatsopano, anthu pa Facebook adazigawana mpaka kunja, ndipo pasanapite nthawi bambo wa jekete uja adabwera ndi uthenga woti wogula wapezeka.

Adali mayi wina, namwino wa ku Manchester, wobadwira ku Zomba komweko. Tidalankhulana pafoni ya kanema. Adandiuza kuti wagwira ntchito ya usiku zaka zambiri m'dziko lozizira, akusunga pang'onopang'ono kuti adzabwerere kwawo, akhale m'chipinda chimodzi, zinazo azigonekamo alendo okwera phiri. Mchimwene wake adabwera kudzaona nyumbayo ndipo adakhutira. Chakumapeto kwa 2022 mayiyu adatumiza dipoziti ya K70 miliyoni.

Mgwirizano adalemba ndi bambo wa jekete yemweyo, masamba awiri. Nditatchula za loya, adaseka n'kunena kuti maloya amangochedwetsa zinthu kuti adyepo. M'pepalamo mudali mzere wonena kuti malonda akalephereka chifukwa cha wogulitsa, ndalamayo ibwezedwe molingana ndi mapaundi omwe mayiyo adatumiza. Ndidauwerenga mzerewo, koma sindidaone chimene chikadalepheretsa malonda, ndiye ndidasaina. Tsiku lomwelo bamboyo adatenga komishoni yake yonse, 10 pa 100 iliyonse ya mtengo wa nyumba, kutanthauza theka la ndalama zomwe zidalowa. Zotsalazo ndidabweza katapila, ndidalipira kukhonsolo, ndidapaka utoto, n'kutumizako pang'ono kwa mlongo wanga ndi mng'ono wanga. Usiku umenewo ndidagona tulo tabwino timene ndidali nditatiiwala.

Mayi uja adali wochenjera kuposa ine pa chinthu chimodzi: adakana kumaliza ndalama loya wake asanaone mapepala. Ndidapita kuofesi ya loyayo nditanyamula lizi ya nyumba mu envelopu. Adaiwerenga n'kufunsa kuti dzina lili pamenepo ndi la yani. Ndidati la bambo anga. Adafunsa ngati ali moyo. Ndidati ayi. Adapempha wilu, ndidalibe. Adapempha kalata ya khoti yondipatsa mphamvu zoyendetsera chuma cha masiye, ndipo aka kadali koyamba kumva kuti kalata yotere imafunika.

Adandifotokozera modekha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilu, katundu wake ndi wa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi ena amene ankadalira malemuyo. Palibe amene angagulitse nyumba ya malemu mpaka khoti litasankha woyendetsa chumacho. Kukhala woyamba kubadwa sikupereka mphamvu imeneyo. Komanso popeza malo athu ndi a lizi ya boma, kusintha dzina kumafuna chilolezo cha unduna wa za malo. Kenaka adatenga cholembera n'kunena kuti ndimutchulire ana onse a malemu. Ndidatchula atatu. Adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Onse ndi omwewa, bambo?" Ndidati inde.

Atafufuza kuofesi ya za malo, adapeza kuti pa malowo pali chiletso. Adakachilembetsa ndi mlongo wathu uja wa kwa mayi ena, ataona nyumba ya bambo ake ikutsatsidwa pa Facebook. Loya adandiuza kuti pamaso pa lamulo mwana ndi mwana, kaya adabadwira m'banja kaya kunja, ndipo gawo lake silingachotsedwe ndi ife. Ndidatuluka muofesimo miyendo ili lendelende. Ndidaimbira bambo wa jekete, foni idali yozima. Ndidapita kumene ankati ndi ofesi yake, ndidapeza kuti chidali chipinda chobwereka, ndipo eni ake adati adachoka kalekale osatsanzika.

Ndidakhala chete, osauza wogula, osauza abale, ndikuganiza kuti ndipeza njira. Ndili mkati moganiza choncho, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adafika m'chigawo chakumwera. Mvula idagwa usana ndi usiku osakata. Ine ndidali ku Limbe, ndikumva pawailesi za matope omwe adatsika phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, za midzi ya ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu mazanamazana adafa masiku amenewo, ena sadapezeke mpaka lero, ndipo zanga sizingafanane ndi zawo ngakhale pang'ono. Koma pakati pa usiku foni yanga idalira. Adali mkazi wa madala, akufuula kuti madzi alowa.

Madzi otsika kuphiri adafika pamalo pomwe adazolowera kukhotera kukhwawa, adapeza simenti. Adadutsa pamwamba pake, atanyamula dothi lonse la pakati pa zitsa za mibawa, n'kuomba khoma lakumbuyo. Mpanda wamiyala wochirikiza dothi udagwa. Matope adadzaza khitchini ndi chipinda chomwe bambo ndi mayi ankagona, mpaka m'mawondo. Khoma lidang'ambika kuchokera pawindo kufika kudenga. Kanyumba ka madala kadali kumtunda pang'ono, ndipo ndi komwe kadayamba kuombedwa. Adatulutsa mkazi wawo ndi kamdzukulu, koma pobwerera kukatenga zofunda, chipupa chidawagwera pamwendo n'kuwathyola.

Misewu itatseguka ndidapita. Chimene chidandiswa mtima kwambiri n'chakuti nyumba zoyandikana nafe, zamsinkhu umodzi ndi yathu, zidali chiimire. Zina zidangodontha, zina zidagwa mpanda pang'ono. Mitengo yawo idalipo, ngalande zawo zidagwira ntchito. Mvula idali imodzimodzi kwa tonse, ndiye Freddy sindingamunamizire. Kuchipatala madala adandilandira ndi moni wa masiku onse, adafunsa za ana kunyumba, ndipo za mitengo sadatchule. Akadandikalipira mwina zikadandipepukira.

Namwino uja ataona zithunzi za khoma ndi kumva za chiletso, adalira pafoni. Sadanditukwane. Adangoti, "Achimwene, ndalama zimenezo ndi tulo tanga ta zaka zambiri. Mundibwezere." Ndidayamba kubweza pang'onopang'ono. Koma mu Novembala 2023 kwacha idagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, ndipo paundi nayo idakwera chimodzimodzi. Mzere uja ndidausaina mosaganiza udadzuka. Ngongole yomwe ndinkaona ngati ndaichepetsa idakulanso usiku umodzi. Ndidagulitsa galimoto, kenaka shopu yonse ndi katundu wake.

Apa chinsinsi chidatha. Amalume ndi azakhali adaitanitsa msonkhano wa banja pakhonde la nyumba yomweyo. Mng'ono wanga adachokera ku Johannesburg, ndipo ataona kuseri kuli zitsa zokhazokha adakhala pansi n'kugwira mutu. Ndidafotokoza zonse, kuyambira katapila mpaka ana atatu omwe ndidatchula kwa loya. Amalume adangopukusa mutu n'kuti, "Safunsa adadya phula." Mlongo wanga adafunsa chifukwa chomwe sindidawauzire za ngongole, popeza akadatha kusonkherana. Ndidalibe yankho lina koma lakuti ndinkachita manyazi kuoneka wolephera pamaso pa ang'ono anga.

Mlongo wathu winayo adabweranso, ataitanidwa ndi azakhali. Ndi mphunzitsi wa pulayimale. Ndinkayembekezera mkwiyo, koma adalankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, ine sindidafune kukulandani nyumba. Ndinkangofuna kuti wina andiuze. Bambo ankabwera nane kuno ndili wamng'ono, inu mukakhala kusukulu yogonera, ndipo ankandikhazika pansi pa mibawa ija n'kumandisendera mapeyala. Nditaona pa Facebook kuti yadulidwa, ndidadziwa kuti chotsatira ndi nyumba, ndipo ine ndidzangomva kwa anthu."

Tsiku lomwelo tidamva kuti ndi iye amene ankapititsa chakudya kwa madala kuchipatala. Adawadziwa kuyambira masiku omwe ankabwera ndi bambo.

Banja lidagwirizana kuti alongo anga awiriwa ndiwo akapemphe kukhoti lalikulu kalata yoyendetsera chuma cha bambo. Ine dzina langa silidatchulidwe, ndipo zidali zoyenera. Adagwirizananso kuti mtengo wa mitengo, wa khoma ndi wa kanyumba ka madala udzachotsedwe pa gawo langa. Katswiri wowerengera mitengo ya nyumba atabwera, adatchula nambala yotsika kwambiri kuyerekeza ndi yanga ija. Adati utoto watsopano suwonjezera kanthu pa nyumba yotere. Wogula wodziwa amayang'ana maziko, njira ya madzi, dothi la kumtunda, mitengo yakale ndi mapepala, ndipo pa zinthu zisanuzi ine ndidawononga zinayi, chachisanu n'kuchinyalanyaza.

Simenti ija tidaiphwanya. Ngalande tidaifukula mwala ndi mwala, madala atakhala pampando ndi ndodo yawo, akutiuza pomwe inkakhotera ndi pomwe inkatsikira, chifukwa palibe pepala lomwe lidajambula njira yake. Idali m'mutu mwawo mokha. Kumtunda tadzala udzu wa vetiva m'mizere, nsungwi, ndi mbande za mibawa. Vetiva ndi nsungwi zagwira kale, koma m'bawa umatenga zaka makumi angapo kuti ukule, ndipo palibe wa ife amene adzaione itafika pomwe idali ija. Madala amayenda motsimphina, ndipo ntchito yolemetsa sangaigwirenso. Banja limawapatsa kangachepe mwezi uliwonse. Namwino uja ndikumubwezabe. Nyumba sinagulitsidwe, ndipo tsopano alongo anga akuti mwina isagulitsidwe n'komwe.

Ku Zomba, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Dedza ndi kwina kuli mabanja ambiri omwe atsala ndi nyumba zakale za makolo m'mbali mwa mapiri, ndipo ana ali m'mavuto a ndalama ngati omwe ndidali nawo. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, musanaike chithunzi pa Facebook itanani ana onse a malemu, ngakhale amene simuwalankhula. Pitani kukhoti mukatenge kalata yoyendetsera chumacho. Lipirani katswiri akuuzeni mtengo weniweni, ndipo loya aone pepala lililonse musanasaine. Musalandire dipoziti ya chinthu chomwe mulibe mphamvu yochigulitsa, ndipo komishoni iperekedwe malonda akatha. Ngongole ikakupanani, auzeni abale anu isanakukankhireni kwa anthu osawadziwa. Ndipo ngati pakhomopo pali munthu wachikulire amene wakhala akusesa ngalande zaka zonsezi, mufunseni musanadule mtengo ngakhale umodzi, ndipo mumumvere.